Bambo Prochaska ndi Bandi Yothamanga

Bambo Prochaska ndinayamba kuwadziwa ndi makutu, maso asanawaone.

Tinalowa m'nyumba ya Mayi Vondra, kumwera kwa Omaha, mu Okutobala 1977, ine ndi mwana wanga Tonya wa zaka zinayi. Bambo ake anali atapita ku Texas kukafuna ntchito, ndipo makalata awo ankafupikirafupikira mwezi ndi mwezi. Ife tinapatsidwa zipinda ziwiri zapansi, chakumbuyo. Pamwamba pathu pankakhala mkulu wina, yekha.

M'mawa woyamba, naini koloko itangokwana, kudenga kunatsika liwu. Nyimbo ayi. Liwu limodzi basi, lotsika, loyamba monong'ona, n'kumakula, n'kumakula, kenako n'kuzilala ngati sitima yomwe yapita kutali. Zii pang'ono. Kenako lina, lokwererapo. Zinatero ola lathunthu. Ine ndinaima pakati pa khitchini ndi supuni m'manja, mtima uli phaphapha, chifukwa chilichonse chomveka ngati kubuula chimandithamangitsira pomwe pali mwana.

Ndine wamantha, sindibisa. Tonya ali ndi mphumu. Ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri milomo yake inada bii ali m'manja mwangamu, ine ndili mtsikana wosiyira sukulu panjira, wosadziwa kanthu. Anapulumuka, koma makutu anga sanapumenso kuyambira tsiku limenelo. Ndimatha kumva kupuma kwake ndili kukhitchini, madzi akukhuthuka pampopi. Dokotala anandilembera pepala la zinthu zoti mwanayu azizipewa: fumbi, utsi wa fodya, ubweya, amphaka, kuthamanga panja kukamazizira. Pepalalo ndinalimata pa firiji, ndipo aliyense woyandikira mwana wanga ndinkamuyeza nalo.

Tsiku lachitatu ndinapita kwa Mayi Vondra, eni nyumba. Sindinkafuna kuti munthu athamangitsidwe, ndinkangofuna kudziwa kuti phokosolo n'lachiyani. Mayiwo anali aafupi, onenepa, imvi zili mbuu. Anangopita m'munsi mwa masitepe n'kukuwa.

"Emil! Ng'ombe yako ija ikubereka kodi? Tatsika, pali mayi pano akufuna kuitana dokotala wa ziweto."

Anatsika mkulu wamtali, wowerama msana, manja akuluakulu odzaza zipsera za mpeni. Anavala juzi yaubweya yobooka m'zigongono, ndipo m'thumba munkasuzumira kaliwo. Ine m'mutu ndinawerenga: ubweya, fodya, ndipo fumbi silingalephere. Zitatu.

"Ng'ombe imeneyi, Milada, ndi imene inakuvinitsa mpaka chidendene cha nsapato kuthyoka. Waiwala? Unapita kwanu ukutsimphina."

"Ine ndinkavinira woimba ng'oma, osati iwe."

"Woimba ng'oma uja anali ndi akazi m'matauni atatu."

"Nanga iwe, matauni onse aja, unapezako ngakhale mmodzi?"

Mkuluyo anaseka, kenako anagwira pakamwa msangamsanga, ndipo ndinamva kuti gwe, mano oikirira akubwerera m'malo. Atatembenukira kwa ine nkhope inali itasintha.

"Mayi Kessler, pepani. Ngati mwanayo amagona nthawi imeneyo, nenani, ndisintha ola. Koma kusiya ndiye ayi. Ndikadumphitsa tsiku limodzi, milomo imaiwala masiku atatu."

Sindinawauze kuti asinthe. Ndinangomukokera Tonya kumbuyo kwa siketi yanga, kutali ndi juzi ija.

Za moyo wawo ndinazitola pang'onopang'ono, zina kwa Mayi Vondra tikuchapa, zina kwa eni ake atakhala pa sitepe yapanja kadzuwa kakawala. Anabadwira m'dera lomweli mu 1912. Bambo awo ankagwira ntchito ku fakitale yophera ng'ombe, ndipo Loweruka ankaimba lipenga pa maukwati ndi pa maliro a Acheki anzawo. Emil ali ndi zaka zisanu ndi zinayi amalume ake anamusiyira kilarineti, chitoliro chakuda chija chokhala ndi mabatani asiliva. Bambo ake ankafuna kuti mwanayo aziimba polika, nyimbo zovinira za Acheki, ngati iwo. Koma tsiku lina wailesi ya m'sitolo yometera inatulutsa nyimbo ya bandi yaikulu ya ku Kansas City, ndipo Emil anatuluka atametedwa mbali imodzi yokha, kuthamangira kwawo kukayesa zomwe anamvazo asanaziiwale.

Mu 1934 analowa bandi ya Wes Dahlgren. Anthu khumi ndi awiri m'basi imodzi yokhala ndi mabedi osanjikiza, kuzungulira Nebraska, Iowa, Dakota zonse ziwiri ndi Kansas, lero tauni ino, mawa ina. Sanafike ku New York, ndipo ankanena zimenezi mopanda manyazi.

"Ife tinali a m'minda ya chimanga, mayi. Mabandi otchuka aja anthu ankawamvera pa wailesi. Ife ankationa ndi maso, ankatinunkhiza thukuta."

Anandiuza za zaka za fumbi, pomwe minda inauma, ng'ombe n'kumafa chiimire. Ankati alimi omwewo, opanda chokolola, Loweruka ankabwera ku holo nsapato atapukuta, akazi awo atasita madiresi okhawo omwe anali nawo. Anthu mazana asanu, mazana asanu ndi limodzi. Onse akaponda pamodzi matabwa apansi ankatsika n'kukwera, ndipo woimba ali pampando ankamva holo ikumunyamula.

"Munthu amene mmawa amaganiza zodzimangirira m'khola, madzulo akuzungutsa mkazi wake ngati mnyamata. Mukuganiza kuti ndinkafunanso New York ya chiyani?"

Kenako nkhondo inawatenga. Atabwerako anaimbanso zaka zinayi, koma zinthu zinali zitasintha. Maholo ankatsekedwa imodziimodzi, ena n'kusanduka mosungira tirigu, anthu n'kumakhala m'nyumba kuonera kanema. Mu 1949 basi inagulitsidwa kwa munthu amene anaisandutsa khola la nkhuku. Bambo Prochaska anakalowa ntchito ku fakitale yomwe ija ya bambo awo, n'kudula nyama zaka pafupifupi makumi awiri. Ankati chomwe ankaopa si mpeni kudula dzanja ayi, koma kudula nsonga ya chala, pomwe pamatseka bowo la chitoliro. Zala zinapulumuka zonse khumi. Chomwe chinawagonjetsa ndi mano. Anawazula onse mu 1971, ndipo oikirirawo ankaterereka akangoluma chitoliro mwamphamvu. Mawu okwera aja, othamanga aja, anapita ndi mano. Anatsala ndi mawu otsika, aatali, omwe ine ndinkawamva m'mawa uliwonse.

Tonya anawakonda mawu amenewo ine ndisakufuna. Ankagona chagada pansi, kuyang'ana kudenga, n'kumang'ung'uza nawo mpaka mpweya kumuthera. Ndinamuletsa kukwera masitepe. Ndinamuletsa kawiri, katatu. Tsiku lina mu Disembala ndikuanika zovala, nditabwerera ndinapeza m'nyumba mulibe munthu. Masitepe ndinawakwera osawaona.

Ndinamupeza atakhala pa sitepe yomaliza, manja pa mawondo. Chitseko cha Bambo Prochaska chinali chotsegula, ndipo iwo anali ataika mpando chopingasa pakhomo, atakhala kuseri kwake.

"Sanalowe, mayi, musandidye," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Ndamuuza kuti muno muli fumbi la chaka cha 1938, ndipo ndi fumbi lokalamba, lolusa. Milada anandiuza za pepala lanu lija."

Mkwiyo ndinali nditaukonza kale, koma unasowa potera.

"Amayi, ali ndi mbale ya nyimbo," anatero Tonya. "Akuti alimo iwowo m'kati."

"Imodzi yokha," anatero mkuluyo. "Zaka zonse zija, mbale imodzi. Khalani pomwepo pa sitepe, mphindi zitatu basi. Mukaipidwa nayo simudzaimvanso."

Ndinakhala, mwana ndili naye pamiyendo. Anaitulutsa m'chikwama cha pepala chachikasu, kuigwira m'mbali ndi zikhatho ngati dzira, n'kuiika pa galamafoni. Anaijambula ku nyumba ina ya wailesi, anatero, tsiku limodzi, kamodzi kokha, nyimbo yopekedwa ndi woimba piyano wawo. Singano itatera panamveka kaye kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya.

Ine ndinakulira nyimbo za magitala. Za mabandi akale ndinkaziona ngati za m'mafilimu a agogo. Koma pa masitepe paja zinandilowa mwina. Malipenga ananena mawu, masakisofoni n'kuyankha, malipenga n'kubwerezanso mokweza, ngati anthu okondana akukangana mwamasewera. Pansi pa zonsezo panali ng'oma ndi besi, chigitala chachikulu cha mawu otsika, osakankha, osakoka, kungoyenda ngati munthu wovala bwino amene sakuchedwa kulikonse. Ndinapeza phazi langa likugunda lokha.

Bambo Prochaska anakweza chala. "Dikirani. Dikirani. Apa."

Bandi yonse inatsika, ndipo pamwamba pake panatulukira chitoliro. Chinakwera ngati namzeze, n'kupendekeka, n'kugwa dala, n'kudzigwira chisanafike pansi, kenako n'kukweranso kupitirira pomwe ndinkaganiza kuti mpomaliza. Chinali ngati chikuseka, koma kuseka kwa munthu amene akudziwa kuti mawa kuli ulendo. Ndisanamvetse bwino, malipenga anabwerera n'kuchimeza.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi. Masekondi khumi ndi awiri. Enawo ndili m'gulu, simungandipeze." Zala zawo zinali zikuyendabe pa bondo, kutseka mabowo omwe panalibe. "Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndi mano anga onse."

Nyimbo ikupita kumapeto anapendeketsa mutu n'kuchita tsinya.

"Mukumva? Orville wayamba. Woimba ng'oma wa Milada uja. Akangomva kukoma ankathamanga ngati wabera munthu nkhuku, bandi yonse n'kumutsatira."

"Ndiye munkatani?"

"Aa, zili ndi njira yake. Choyamba..."

Pomwepo Tonya anayetsemula. Kamodzi kokha. Ine ndinamunyamula n'kutsika naye, osatsanzika, osathokoza. Ndili pansi ndinamva singano ikuzungulira pamapeto a mbale, kwee, kwee, nthawi yaitali asanaichotse. Masabata otsatira tikakumana pakhomo ankangogwira chipewa, ine n'kuyankha moni wamfupi. Ndinkadziwa kuti ndawalakwira, koma mantha anali aakulu kuposa manyazi.

Tsiku lomwe ndikufuna kunena linali Lachinayi, mu Febuluwale. Chipale chofewa chinayamba kugwa m'mamawa, ndipo pofika masana magalimoto a mumsewu mwathu anali atasanduka timapiri toyera. Tonya anali ndi chimfine kuyambira Lolemba. Itangopitirira thuu koloko ndinamva kamluzu ka mphumu pachifuwa pake. Ndinamupopera mankhwala ndi kampope kake. Palibe. Ndinadikira monga anandiuzira dokotala, n'kupoperanso. Mankhwala ankangothera m'kamwa, chifukwa mwanayo ankapuma mwachidule, mofulumira, ngati kagalu kothamangitsidwa. Khungu la pakhosi pake linkalowa m'kati akamakoka mpweya.

Ndinaimba foni kuchipatala. Mayi wa kumeneko anati ambulansi yanyamuka, koma misewu yokwera kwathu yatsekeka, ndipirire. Ndinafunsa kuti mphindi zingati. Anati sangalonjeze.

Ndinagwada patsogolo pa mwana wanga, nditamugwira mapewa. "Puma pang'onopang'ono, Tonya! Pang'onopang'ono! Ukundimva? Tandiyang'ana! Pang'onopang'ono!" Ndikamakuwa, maso ake ankakula, kupuma n'kumafulumira. Ndinkaona ndithu kuti ndikuonjeza moto, koma pakamwa panga sipankatseka.

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Anali Bambo Prochaska, atavala kamalaya kam'kati kokha, manja akudontha madzi.

"Juzi ndaisiya pa masitepe, kaliwo ali m'mwamba, m'manja ndasamba. Ndamumva kudzera pa bowo la chotenthetsera m'nyumba." Sanadikire kuti ndivomere. "Mayi Kessler, tsekani pakamwa pang'ono. Inuyo ndi amene mukuthamanga kuposa iye."

Anamukhazika Tonya pampando wa kukhitchini, n'kumuweramitsa kuti atsamire zigongono pa tebulo. Iwo anagwada pambali pake, mawondo akulira kuti thyo thyo, nkhope yawo n'kulingana ndi yake. Anaika dzanja pa tebulo pafupi ndi kadzanja kake. Kwa kanthawi anangomvetsera, maso atatsinzina. Kenako chala chawo chinayamba kugogoda tebulo, mofulumira, ndendende ndi kupuma kwa mwanayo. Ndipo iwonso anayamba kupuma choncho. Hefu hefu hefu, mapewa akukwera, ngati nawonso yawagwira.

Magazi anandiwira. Ndinaona ngati mkulu uyu akumuyeserera mwana wanga akufa. Ndinawagwira phewa kuti ndiwakankhe.

"Mukutani? Mukumuonjezera! Chokani!"

Sanandiyang'ane. Analankhula m'kati mwa kupumako, mawu odukaduka. "Bandi ikathamanga... suikalipira. Umathamanga nayo kaye. Ikakumva kuti uli nayo... m'pamene umayamba kuikoka. Khalani kumbuyo kwake. Dzanja pamsana. Muzigunda motsatira chala changachi. Inu ndinu besi lero."

Sindikudziwa chifukwa chomwe ndinamvera. Mwina chifukwa panalibenso china choti ndichite. Ndinakhala kumbuyo kwa Tonya n'kumagunda pamsana pake mofewa, maso anga ali pa chala chokhala ndi zipsera chija.

Tonya anasiya kuyang'ana kudenga. Anayang'ana mkulu amene ankapuma ngati iye. Ndinaona nkhope yake ikudabwa, ngati munthu wosochera amene wapeza mnzake panjira yomweyo.

"Eya, dona," anatero Bambo Prochaska. "Tili awiri. Tiye."

Anasongola milomo ngati aluma chitoliro, n'kumatulutsa mpweya pa kampata kakang'ono. Tonya anayesa kutsanzira. Kenako chala chija chinachedwa. Pang'ono zedi, mwina ine ndekha ndinazindikira chifukwa dzanja langa linatsogola n'kusowa mnzake. Anakhala pamenepo kupuma kasanu, kasanu ndi kamodzi. N'kuchedwanso kachiwiri. Mwana anatsatira.

Kachitatu anakoka kwambiri. Tonya anatsokomola, anabalalika, kupuma n'kubwerera mwakale, ndipo anayamba kulira kopanda mawu.

"Ndalakwa ndine, ndafulumira," anatero mkuluyo, mawu ali phee. "Palibe kanthu. Tibwerere pamwamba." Ndipo anabwereradi, hefu hefu hefu, kuyambiranso pomwe mwanayo anali, osati pomwe iwo ankafuna kuti akhale. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Mano aja anaterereka, anawalavulira m'dzanja lina n'kuwaika m'thumba la buluku osaphonya kugogoda ngakhale kamodzi. Tonya ataona pakamwa popanda mano paja, pakona pa mlomo wake panagwedezeka. Akanakhala ndi mpweya akanaseka.

Ulendo wachiwiriwu anatsika mosamala kwambiri, ngati munthu wotsika makwerero atanyamula madzi. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mayi Vondra anali atalowa, ataima pa zenera, korona m'manja. Ine dziko lonse linali chala chija ndi nthiti za mwana wanga pansi pa chikhatho changa.

"Tsopano," anatero Bambo Prochaska. "Kampope kaja. Ndiwerenga mpaka folo, pa wani mupope. Dona, iwe ukoke nane. Wani, thuu, firii, folo..."

Ndinapopa. Ndinamva mankhwala akulowa, osati onse, koma akulowa. Kamluzu kaja sikanathe. Milomo yake inali isanabwerere mtundu wake. Sindikufuna kunama kuti mkuluyo anamuchiritsa. Koma mwanayo anasiya kumenyana ndi mpweya wochepa womwe anali nawo, ndipo anaugwiritsa mpaka amuna awiri a ambulansi analowa atanyamula chikwama, chipale chili m'mawondo, galimoto ataisiya pa mphambano yam'munsi. Wotchi ya pa chitofu inkati papita mphindi makumi anayi ndi zitatu chiimbireni foni.

Anamubaya jakisoni, n'kumuveka chopumira, n'kumukulunga m'bulangete. Tikutuluka ndinacheuka. Bambo Prochaska anali chigwadire pomwe paja, akulephera kudzuka, Mayi Vondra akuwakoka mkono.

"Dzuka, nkhalamba iwe, ukufuna anyamule awiri?"

"Usandikoke ngati thumba la mbatata, Milada. Ndiponso usandiyang'ane, ndilibe mano."

"Ngati unali wokongola uli nawo."

Tinakhala m'chipatala masiku atatu. Dokotala nditamufotokozera anagwedeza mutu n'kunena kuti chomwe chinatsegula chifuwa ndi jakisoni, ndisadzayese kudalira kugogoda tebulo m'malo moimba foni. Kenako anaonjeza kuti mwana wodekha amapeza mpweya wochuluka kuposa mwana wamantha, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira.

Titabwerera kunyumba ndinakwera masitepe ndekha, ndi mbale ya supu. Ndinaima pakhomo. Mawu omwe ndinawakonza m'chipatala muja onse anathawa, ndipo ndinangoti, "Tsiku lija munkafuna kundiuza za Orville, ine ndinakudulani."

Anaseka, dzanja lili pakamwa. "Mwaona kale zonse. Wes, mwini bandi, ankamukalipira, kumuopseza ndi ndodo yake ija. Orville akakalipiridwa ankanjenjemera, n'kuthamanga koposa. Ndiye ine ndi wa besi tinapangana. Timusiye atsogole, ife timukwere pamsana, kenako tizilemera pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi zitatu tinkachita zimenezo, Orville mwini wake osadziwa. Anamwalira akudzitama kuti sanathamangepo chibadwire."

Anandilandira supu ija, n'kuinunkhiza. "Koma sikuti zinkatheka nthawi zonse, mayi. Masiku ena ankatithawa ndithu. Lachinayi lija ndinali ndi mantha ngati inu nomwe."

Pepala lija likadali pa firiji, ndipo m'chipinda chawo Tonya salowabe. Fumbi ndi fumbi, ngakhale la munthu wabwino. Koma chakumapeto kwa Malichi, tsiku lina m'nyumba mutatha mkaka ndi buledi, kunja kukuomba mphepo yozizira yomwe sindikanatulutsiramo mwana, ndinachita chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo chichokereni bambo ake. Ndinapempha munthu kuti andikhalire ndi Tonya.

Anatsika atavala malaya a thonje ositidwa, tsitsi lonyowa. Ndinawaonetsa pomwe pali kampope. Ndinawaonetsa nambala ya foni. Ndinawaonetsanso kampope.

"Mayi Kessler, sitolo ili pa mphambano yachiwiri, si ku Texas. Pitani."

Ndinapita chothamanga. Ndinatenga mkaka. Pamzere panali anthu atatu, ndipo mayi wina patsogolo panga ankafufuza m'chikwama mwake ngati wataya mphete. Ndinkangopondaponda. Pobwerera ndinaterereka kawiri, ndipo nditafika pakhomo ndinatsegula ndi phewa.

Ndinawapeza atakhala pa tebulo moyang'anizana, wailesi ikuimba motsitsa, iwo akuomba m'manja.

"Ayi, dona, ayi! Pa wani ndi firii amaomba a kutchalitchi. Ife timaomba pa thuu ndi folo. Usandichititse manyazi pamaso pa amayi ako."

Tonya anangondiponyera diso. "Amayi, mwabwera msanga. Sitinamalize."

Ndinaima pamenepo ndi chikhoti changa, ndikupuma ngati ndine wodwala. Bambo Prochaska anasuzumira m'chikwama chomwe ndinanyamula.

"Nanga buledi?"

Ndinayang'anamo. Munali mkaka wokha.

"Bwererani," anatero, n'kutembenukira kwa mwanayo. "Tiye, kuyambira pamwamba."

Ndinaika mkaka m'firiji n'kutuluka. Ndinatseka chitseko, ndipo ndinaima kaye kunja kwake, khutu lili pa thabwa, mwina mphindi yathunthu. Kenako ndinamanga mpango bwinobwino n'kupita kukagula buledi.